Kodi Mlakatuli Ndi Wotonthoza Anamfedwa?

Owerenga ambiri amadandaula kuti ndakatulo za Chingerezi za m'ma 1900 zimanunkha maliro. Sakunama. Koma tisanaweruze, tifunse kaye: eni akewo anaona zotani?

Mlakatuli Wilfred Owen anaphedwa kunkhondo ku France pa 4 Novembala 1918, kutangotsala sabata imodzi kuti nkhondo yoyamba ya padziko lonse ithe. Anali ndi zaka 25. Uthenga wa imfa yake unafika kwa mayi ake tsiku lomwe mabelu a matchalitchi ankalira kukondwerera mtendere. Mnyamata amene anaona anzake akubanika ndi mpweya wapoizoni m'ngalande zamatope, tinkafuna atiimbire za maluwa?

Wovuta kumumvetsa ndi Philip Larkin. Iyeyu kunkhondo sanapiteko, maso ake anali ofooka. Kuyambira 1955 anali mkulu wa laibulale ya yunivesite ya Hull, ntchito yapampando, malipiro mwezi ndi mwezi. Nanga mantha anawatenga kuti? Ndakatulo yake yotchedwa "Aubade" inatuluka mu Disembala 1977, mayi ake atangomwalira kumene. Dzinali kale linkatanthauza nyimbo ya okondana amene akusiyana m'bandakucha. Larkin anaikamo munthu mmodzi yekha, tulo tamuthera 4 koloko usiku, maso ali pa katani, akulingalira zoti tsiku lina sadzakhalaponso. Chipembedzo sichikumutonthoza, nzeru za anthu ophunzira sizikumuthandiza.

Mlakatuli Seamus Heaney wa ku Ireland anadandaula kuti ndakatuloyi ikugonjera imfa, pamene mlakatuli wina, W. B. Yeats, ankalimbana ndi imfayo. Mfundo yake ndi yomveka, koma ife tikufunsa: munthu wotayiratu mtima angathe zaka zitatu akusema mizere 50, liwu lililonse pamalo pake? Larkin anaiyamba mu 1974. Wogonja amataya khasu, sapalira mpaka kumapeto kwa mzere.

Ndiponso ndani mwa ife sanadzukepo pakati pa usiku, m'nyumba muli zii, mtima ukugunda popanda chifukwa? Kukacha timasamba, n'kupita kuntchito, osauza munthu. Tikuipidwa ndi Larkin chifukwa chakuti wanama, kapena chifukwa chakuti waulula chinsinsi chathu?

Otonthoza tili nawo: abusa, achibale, oimba pa siwa. Mlakatuli tisamukakamize ntchito ya eni. Larkin anamwalira ndi khansa pa 2 Disembala 1985 ali ndi zaka 63, ndipo mu 2016 anamuikira mwala wachikumbutso mu Westminster Abbey, tchalitchi cha chikhulupiriro chimene iye analibe. Akanatinamiza kuti zonse zili bwino, bwenzi tikumuwerengabe?