Odwala shuga nawonso akufunika uphungu

Mnyamata wina wa m'mbali mwa nyanja kuno ku Chintheche, amene ntchito yake ndi usodzi wa usipa, anayamba kuonda modetsa nkhawa. Ankamwa madzi ambiri koma ludzu silinkatha, ndipo usiku ankadzuka kangapo kukataya madzi. Monga mwa chizolowezi chathu, anthu anayamba kunong'onezana kuti wakatenga kachirombo. Atayezetsa magazi sanamupeze ndi HIV, koma anamupeza ndi matenda a shuga a mtundu umene munthu amayenera kudzibaya jakisoni wa insulini tsiku lililonse kwa moyo wake wonse.

Pamene ndinakamuona ndinkayembekeza kumupeza akusangalala kuti alibe kachirombo. M'malo mwake ndinamupeza atadzitsekera m'nyumba, wasiya kupita kunyanja ndipo sakufuna kulankhula ndi munthu. Anandiuza kuti anzake amene akumwa ma ARV ali ndi gulu lawo komanso aphungu owalimbikitsa, pamene iye wangobwerako ndi kabotolo ndi majakisoni, ndipo kumudzi palibe amene akumvetsa chimene chamugwera.

Nkhaniyi yandichititsa kuganiza kuti zimene taphunzira pa Edzi tiyenera kugawana ndi abale athu odwala shuga. Boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004, munthu akamva kuti ali ndi kachirombo ankangoona manda. Mankhwalawo anasintha zinthu, koma sanagwire ntchito okha. Panali uphungu, panali wachibale woyang'anira kuti mankhwala akumwedwa, panalinso magulu ngati a NAPHAM kumene munthu ankakumana ndi anzake amene adutsa m'njira yomweyo. Wodwala shuga akufunika zinthu zitatu zomwezi.

Kwa inu amene mwangouzidwa kumene, dziwani kuti mantha, mkwiyo ndi kulira si kufooka. Ambiri amayamba ndi kukana, amvekere mwina makina analakwitsa. Ena amadziimba mlandu kuti ankathira shuga wambiri mu tiyi, ena amaganiza kuti alodzedwa. Zoona zake n'zakuti pa shuga wa mtundu woyamba, amene kawirikawiri amagwira ana ndi achinyamata, kapamba amasiya kupanga insulini, ndipo popanda insulini thupi limalephera kugwiritsa ntchito mphamvu yochokera m'chakudya. Simunalakwe chilichonse, ndipo matendawa sapatsirana ngakhale mutadyera mbale imodzi ndi anzanu.

Jakisoni amene mukumuopayo ndi amene akusunga moyo wanu. Insulini anamutulukira m'chaka cha 1921 ku Toronto m'dziko la Canada, ndipo woyamba kubayidwa mu 1922 anali mnyamata wina. Izi zisanachitike, ana odwala matendawa sankakhalitsa. Lero anthu akukwatira, kubereka ndi kukalamba akudzibaya tsiku ndi tsiku. Dzanja limanjenjemera masiku oyamba, koma limazolowera. Pemphani namwino kuti akuonetseni mobwerezabwereza, ndipo mupite ndi wachibale mmodzi kuti nayenso aphunzire.

Nkhawa zina zimatha munthu akangodziwa chochita. Ngati mulibe firiji, insulini angasungidwe pamalo ozizira monga mu mtsuko wa dothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi, kutali ndi moto. Kondowole ndi nsima zimakweza shuga m'magazi, koma simukuyenera kudzipha ndi njala. Funsani achipatala muyeso woyenera, idyani pa nthawi yake, ndipo ndiwo zamasamba ndi nsomba zathuzi zisasowe m'mbale.

Pa nkhani ya kuulula, shuga ali ndi chifukwa chake chapadera. Munthu akabaya insulini koma osadya, kapena akagwira ntchito yolemetsa monga kupalasa bwato usiku wonse, shuga amatsika kwambiri. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kulankhula zosamveka ngati woledzera. Anzake akadziwa, amamupatsa msanga shuga, switi kapena chakumwa chotsekemera, ndipo amatsitsimuka. Akakomoka, sayenera kumuthira kanthu m'kamwa koma kuthamangira naye kuchipatala. Tangoganizirani msodzi amene wabisa matenda ake, zimenezi n'kumuchitikira pakati pa nyanja. Simukuyenera kuuza mudzi wonse, koma amene mumagona nawo nyumba imodzi ndi amene mumakwera nawo bwato ayenera kudziwa.

Kwa ife achibale ndi anansi, tisiye kuweruza munthu ndi maso. Kuonda kuli ndi zifukwa zambiri, ndipo miseche imene inkathawitsa anthu kukayezetsa HIV ndi yomweyo imene ikuchititsa wodwala shuga kubisa majakisoni ake. Tisamuchitirenso ngati wapolisi pa chilichonse chimene akudya. Mawu akuti "muli bwanji mumtima?" amathandiza kuposa kumulanda mbale. Ndipo monga timanenera pa ma ARV, pemphero ndi labwino koma lisalowe m'malo mwa mankhwala. Wodwala shuga wa mtundu woyamba akasiya insulini angathe kukomoka ndi kumwalira m'masiku ochepa chabe.

Ngati chisoni chapitirira milungu iwiri, munthu sakugona, sakudya kapena akulankhula zofuna kudzipha, musazengereze. Pitani naye kuchipatala cha Chintheche kapena cha boma ku Nkhata Bay mukafotokoze. Matenda a maganizo nawonso ali ndi chithandizo.

Pempho langa likupita kwa magulu athu othandizana, aphungu ndi odzipereka osamalira odwala kumudzi. Tsegulani khomo kwa odwala shuga. Inu mukudziwa kale ululu wa tsiku lomva zotsatira, ndiponso kutopa kumene kumabwera ndi mankhwala a moyo wonse. Komanso kukhala ndi HIV sikutchinga shuga, choncho nafenso tizipempha kuyezedwa. Pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, gulu lililonse liitane wazaumoyo kuti adzaphunzitse. Mnyamata uja anabwerera kunyanja atachezeredwa kangapo ndi bambo wina amene wakhala pa ma ARV kwa zaka zambiri. Tsopano amanyamuka ndi shuga pang'ono m'thumba, ndipo anzake a m'bwato akudziwa ntchito yake.