Geranium wonunkhira ndi wabwino, koma neti musachotse

Mvula ikangoyamba, udzudzu n'kuyamba kuimba m'makutu, pa foni pamadzaza malonda a zomera zothamangitsa udzudzu. Pa Facebook, pa WhatsApp, mumaona kachomera kobiriwira bwino kali m'kachidebe, masamba ake ngati wina anachita kuwadula ndi sizasi, pansi pake atalemba kuti mukangoika pawindo basi, udzudzu mwatsanzikana nawo. Nthawi zambiri chomeracho chimakhala geranium wonunkhira, yemwe ena amamutchula kuti citrosa, ena citronella. Ngati mwamukonda guleni, ndi chomera chabwino zedi ndipo ndikuuzani ubwino wake. Koma udzudzu suthawa ayi.

Bodza limeneli si la lero. Cha m'ma 1990 chomerachi chinagulitsidwa kwambiri ku America ndi ku Canada. Ogulitsa ankati katswiri wina wa ku Holland anachipanga mu labotale posakaniza geranium ndi udzu wa citronella, uja ndi pachibale ndi lemongrass amene timathira m'tiyi. Nkhani yokoma kumva, eti? Anthu anagula.

Kenako akatswiri a zitsamba anafuna kuona okha. Mu 1996 ofufuza a pa University of Guelph ku Canada, pamodzi ndi Arthur Tucker wa pa Delaware State University ku America, anasindikiza zomwe anapeza. Tucker anali munthu amene moyo wake wonse ankagwira ntchito yofufuza zitsamba zafungo, kuti chitsamba ichi ndi chiti kwenikweni ndipo m'mafuta ake muli chiyani. Atayeza citrosa sanapezemo chizindikiro chilichonse cha udzu wa citronella. Anali geranium wamba, wofanana ndi uja amalimidwa chifukwa cha fungo la rozi. Atakayesa panja, pa anthu enieni ndi udzudzu weniweni wamtundu wa Aedes, panalibe kusiyana pakati pa omwe anadalira chomeracho ndi omwe analibe kalikonse. Omwe anadzola mankhwala a DEET ndi amene anatetezeka kwa maola angapo. Ku Florida nako, mu 1994, ofufuza ena anaona udzudzu ukutera pamasamba penipenipo n'kupumulapo, ngati alendo afika kwa amalume.

Chifukwa chake n'chosavuta. Fungo la geranium ameneyu silichokera m'maluwa, lili m'masamba. Mukayang'anitsitsa tsamba muona tiubweya ting'onoting'ono, ndipo tina mwa timeneti tili ndi timatumba ta mafuta kunsonga. Timatumbato timaphulika tsamba likakhudzidwa. Lifikiseni ndi zala, fungo lidzadza dzanja lonse. Lisiyeni lili phee pawindo, fungo lochepa lomwe limatuluka mphepo imapita nalo. Agogo athu ankadziwa zimenezi ndi mpungabwi: sankangoudzala n'kumauyang'ana, ankathyola nthambi, kuzipuntha kapena kuziika pamakala kuti fungo lituluke. Ngakhale zitatero, chitetezo chake chimakhala cha kanthawi, pomwe udzudzu wa malungo, Anopheles, ntchito yake umagwira usiku wonse inu muli mtulo.

Apa ndi pamene nkhani ya maluwa imasanduka nkhani ya moyo. Ku Canada munthu akanamizidwa, wataya ndalama zochepa n'kudzuka ndi totupa pamkono. Kwathu kuno, mayi woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka zisanu akagona popanda neti chifukwa choti pawindo pali kachomera, mapeto ake ndi malungo. Ndipo tisanamizane, ambirife timafunafuna chifukwa chochotsera neti: imatentha, imavuta kumanga, m'chipinda cha lendi mulibe pokhoma msomali. Malonda aja amatipatsa chifukwa chomwe timafuna kale. N'chifukwa chake amandinyansa. Wogulitsayo mwina sakudziwa n'komwe, naye anangokopera mawu pa intaneti, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tsono chomera chenichenicho, tikachotsa bodza, n'chotani?

Choyamba, ndi mnansi wathu. Dzina lake lenileni ndi Pelargonium, ndipo mwa mitundu pafupifupi 280 yomwe ilipo, yambiri kwawo ndi kummwera kwa Africa, makamaka chigawo cha Cape ku South Africa. Mtundu wa Pelargonium graveolens, wafungo la rozi, umamera wokha m'tchire mpaka ku Zimbabwe ndi ku Mozambique. Azungu anayamba kutengera zomerazi kwawo zaka pafupifupi 400 zapitazo. Mu 1631 John Tradescant, wosamalira minda ya mfumu ku England, anali kale ndi mtundu umodzi womwe mbewu zake anazipeza ku Paris. Chisokonezo cha dzina chinabwera ndi Carl Linnaeus, yemwe mu 1753 anaziika gulu limodzi ndi zomera zina za ku Ulaya zotchedwa Geranium. Charles L'Héritier wa ku France anadzazilekanitsa mu 1789, koma dzina lakale linali litakakamira kale pakamwa pa anthu, mpaka lero. Mawu oti Pelargonium amachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza dokowe, chifukwa kachipatso kake n'kakatali, kosongoka ngati mlomo wa mbalameyo.

Chodabwitsa ndi mafungo. Chomera cha banja limodzi, koma P. crispum amanunkhira mandimu, P. tomentosum wamasamba ofewa ngati bulangete la mwana amanunkhira ngati switi za peppermint, P. odoratissimum amanunkhira apozi, ndipo P. capitatum amapita ku rozi. Alimi a maluwa akhala akuberekanitsa mitunduyi kwa zaka mazana, ndiye pali ina yambirimbiri yomwe makolo ake ndi ovuta kuwalondola. Ntchito yaikulu ya akatswiri ili pamenepa, ndipo si ntchito yotchukitsa munthu: kukhala pansi ndi tsamba, kuliyerekeza ndi lina, kuyeza mafuta ake, n'kunena kuti uyu ndi wakuti, osati wakuti. Pa Stellenbosch University, J.J.A. van der Walt anatsogolera ntchito ya mabuku atatu otchedwa Pelargoniums of Southern Africa, loyamba linatuluka mu 1977, ndipo zithunzi zake anajambula pamanja mayi Ellaphie Ward-Hilhorst, mtundu ndi mtundu, tsamba, duwa ndi muzu. Popanda ntchito yotere, munthu ngati Tucker akanalifanizira ndi chiyani tsamba la citrosa?

Palinso akatswiri amtundu wina, oyandikira kukhitchini. Margaret Roberts wa ku South Africa, amene anamwalira mu 2017, anali ndi munda wa zitsamba ku De Wildt ndipo kudzera m'mabuku ndi pa wailesi anaphunzitsa mabanja ambiri kudzala ndi kugwiritsa ntchito zitsamba pakhomo, geranium wonunkhira ali m'gulu lomwelo. Ku America, Jim Becker ndi Faye Brawner analemba buku la zomerazi zokhazokha mu 1996, ndipo mu 2006 bungwe la International Herb Association linasankha geranium wonunkhira kukhala chitsamba cha chaka. Achibale omwe muli ku Cape Town, tsiku lina mukapuma pitani ku Kirstenbosch. Kuli kagawo ka zomera zafungo komwe amachita kukulimbikitsani kugwira masamba, ndipo anakakonza poganiziranso anthu osaona.

Mwina fungo lakeli mwalimva kale osadziwa, m'sopo, m'mafuta odzola kapena mu perefyumu. Mafuta a rozi weniweni ndi odula koopsa, ndiye opanga zonunkhiritsa ku France anatembenukira kwa geranium m'zaka za m'ma 1800. Ulimiwo unafika ku Algeria, kenako pa chilumba cha Réunion, kum'mawa kwa Madagascar, komwe mafuta ake anatchuka ndi dzina loti Bourbon. Masiku ano ambiri amachokera ku Egypt ndi ku China. Musathamangire kuganiza za geni ndi zidebe zitatu za pakhonde: tani yathunthu ya masamba imatulutsa mafuta kilogalamu imodzi kapena awiri basi.

Pakhomo, chomwe ndimamukondera geranium n'choti ndi chomera cha munthu wa lendi. Safuna munda. Chidebe cha penti chakale, chigubu chodula pakati, zakwana. Landilodi akakweza lendi, mumanyamula n'kusamuka naye. Komanso simufunika mbewu, kanthambi kopempha kwa aneba n'kokwanira.

Dulani kanthambi kathanzi kotalika masentimita 10, kopanda maluwa, ndipo mudule pansi penipeni pa mfundo, paja pamatulukira tsamba. Chotsani masamba am'munsi, musiye awiri kapena atatu kumwamba. Kasiyeni pamthunzi maola angapo kuti bala liume. Ambiri amalumpha apa, ndipo kanthambi kawo kamada kumunsi n'kuola. Kenako kazikeni m'dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, theka ndi theka, thirirani pang'ono, n'kuika pamalo owala koma osapsa ndi dzuwa. Musakaphimbe ndi pulasitiki ngati momwe amachitira ndi zomera zina. Pakatha masabata atatu kapena anayi, mukaona timasamba tatsopano, dziwani kuti mizu yagwira.

Chimene chimapha geranium kwathu kuno ndi chikondi chopitirira muyeso: madzi. Kumbukirani kwawo. Ku Cape mvula imagwa nthawi yozizira, chilimwe chimakhala chouma, ndiye zomera zambiri za kumeneko zinazolowera ludzu. Ife mvula yathu imabwera pamodzi ndi kutentha, Disembala mpaka Malichi, ndipo chidebe chikakhala chonyowa masiku angapo otsatizana mizu imaola. Boolani mabowo ambiri pansi pa chidebe, chikhazikeni pa njerwa ziwiri, ndipo mvula ikalimbikira chikokereni pansi pa denga la khonde. Musanathirire, pisani chala m'dothi. Ngati mukumva chinyezi, dikirani. Pa chifukwa chomwechi, tinthambi timagwira bwino mvula ikatha, cha mu Epulo ndi Meyi, kapena mu Ogasiti kusanatenthe kwambiri. Ndipo kambale kaja mumaika pansi pa chidebe, muzikakhuthula. Madzi okhalitsa m'menemo ndi malo oberekeranamo udzudzu, ndiye chomera chomwe munagula kuti chithamangitse udzudzu chingasanduke nazale yake.

Dzuwa amalifuna, makamaka la m'mawa. Ku Dedza, Mzuzu kapena Zomba angakhale padzuwa tsiku lonse, koma ku Salima, Mangochi ndi kuchigwa cha Shire mupatseni mthunzi masana. Wa peppermint amakonda mthunzi kulikonse. Manyowa pang'ono okha. Mukamudyetsa feteleza wambiri amabereka masamba akuluakulu ofewa, fungo n'kuchepa. Akayamba kutalika ngati mnyamata wa fomu 2, miyendo yokhayokha, tsinani nsonga ndi zikhadabo kuti aphukire m'mbali. Nsonga zimenezo musataye, ndi mbewu yanu ina, kapena mphatso ya mnzanu.

Kukhitchini, gwiritsani ntchito wa rozi, wa mandimu kapena wa peppermint, ndipo akhale woti simunamupopere mankhwala. Aja a maluwa ofiira aakulu timawaona m'mipanda ya nyumba ndi m'maofesi ndi abale ake, koma fungo lawo si la m'kapu, asiyeni akongoletse bwalo. Tsamba limodzi lotsuka m'tiyi wotentha kwa mphindi zitatu, n'kulichotsa, likwanira. Awiri ayamba kuwawa. Pophika keke kapena chigumu, yalani masamba anayi kapena asanu pansi pa chiwaya mutapaka mafuta, thirani zosakaniza zanu pamwamba, ndipo ikapsa muwamatule. Fungo limakhala litalowa m'kati monse. Masamba ouma m'kansalu, kuika mu sutikesi ya zovala, amachotsa kafungo ka chinyezi ka nthawi ya dzinja.

Chenjezo pang'ono. Mafuta a m'kabotolo ogula kusitolo ndi amphamvu kwambiri kuposa tsamba: si akumwa, ndipo osasungunula amatha kuwotcha khungu. Ena ngakhale tsamba lenilenilo limawayabwa, choncho yesani kaye pamalo pang'ono. Agalu ndi amphaka akadya masamba ake amadwala, amasanza, ndiye ngati muli ndi kagalu kotafuna chilichonse, chidebe chikhale pamwamba. Ndipo wina akakuuzani kuti tiyi wake amachiza shuga kapena BP, mufunseni ngati si yemwe uja ankati amathamangitsa udzudzu.

Kwa amene mukuyamba kumene, yambani ndi shuga. Tengani botolo louma lokhala ndi chitsekero, ikani shuga pang'ono, tsamba louma bwino pamwamba, shuga wina, tsamba lina, mpaka lidzadze. Tsekani, ikani m'kabati masabata awiri, kenako chotsani masambawo. Alendo akabwera Lamlungu masana muwathirire m'tiyi, osawauza kanthu, muone amene ayambe kufunsa.