Khosi lalitali la Amayi Maria

Tchuthi chapitachi ndinakacheza kwa azakhali ku Nkolokosa. Pabalaza pawo pali kalendala yakalekale, koma amakana kuichotsa chifukwa cha chithunzi cha Amayi Maria. Chithunzicho n'chodabwitsa: khosi la Maria n'lalitali ngati la kakowa, zala n'zazitali, ndipo Mwana Yesu wakula ngati wa zaka zinayi.

Mdzukulu wawo wa Sitandade 7 anandinong'oneza: "Ankolo, wojambulayu sankaidziwa ntchito."

Ankaidziwa. Dzina lake ndi Parmigianino, wa ku Parma m'dziko la Italy. Anayamba ntchitoyi m'chaka cha 1534, ndipo anamwalira mu 1540, ali ndi zaka 37, asanaimalize. Asanagwire penti anayeserera kaye kambirimbiri papepala, kotero khosilo sanalitalikitse mwangozi. Raphael atamwalira mu 1520, achinyamata anaona kuti luso lojambula thupi monga momwe lilili lafika kale pachimake. Iwo anayamba kutalikitsa ndi kupinda matupi kuti aonetse ulemerero kapena chisoni. Kajambulidwe kameneka ndiko amakatcha Mannerism.

Nditafotokoza izi, mwanayo anabweretsa kope lake mwamanyazi. Anajambula agogo ake atasenza ndowa ya madzi, manja awo aakulu kuposa mutu. Aphunzitsi ataona, akuti anamukalipira kuti akuwononga mapepala, komanso munthu sakhala choncho. Ndinamufunsa chifukwa chake anakulitsa manjawo. Iye anati: "Ndi amene amatidyetsa."

Abale, ndinachita manyazi, pakuti nanenso ndalandapo makope a ana ojambula m'kalasi osayang'ana n'komwe zomwe ajambula.

Nzeru imeneyi si ya azungu okha. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a KuNgoni mu 1976, ndipo osema akumeneko amaonetsa Yesu ndi Maria ngati anthu akwathu. Ena amang'ung'udza kuti Yesu sanali wakuda. Nanga anali Mtaliyana? Parmigianino naye anajambula Maria ngati mayi wakwawo. Wojambula si kamera. Amasankha chomwe akufuna tione.

Makolo ndi aphunzitsi anzanga, m'mera mpoyamba. Mwana akajambula, tisanang'ambe pepala, timufunse kaye tanthauzo lake. Ine pobwerera ndinamugulira mnyamatayo kope lina ndi mapensulo awiri. Chithunzi cha manja aakulu chija azakhali achipachika pambali pa kalendala.