Mwana akamalephera kukula, tifunsenso za mandasi

M'mawa uliwonse kuno ku Kawale ana amapita kusukulu mandasi ali m'manja. Inenso ndinakula choncho. Koma mandasi omwewo ndi amene ankadwalitsa mwana wa achemwali anga, ndipo tinatha zaka ziwiri osadziwa.

Anayamba kutsekula m'mimba atangosiya kuyamwa. Mimba inatupa, miyendo inaonda, ndipo kusikelo sankakwera. Anamuyeza malungo, HIV ndi TB, n'kumupatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Agogo anati ndi tsempho, anthu n'kuyamba kuloza zala makolo ake. Akagonekedwa n'kupatsidwa mkaka ndi chiponde ankapeza bwino, koma akabwerera kunyumba ku tiyi wa buledi ankayambiranso. Dokotala wina ndiye anadzafunsa kuti, "Mayi, kodi mwanayu amadya za tirigu kangati?" Atamuyeza magazi anapeza chizindikiro cha matenda a celiac.

Mu tirigu ndi balere muli chinthu chotchedwa gluten. Munthu wa matendawa akachidya, chitetezo cha m'thupi mwake chimawononga timinofu ta m'matumbo aang'ono tomwe timayamwa chakudya. Mwana amadya n'kukhuta, koma thupi silipindula. Amachepa magazi, amapinimbira. Padziko lonse matendawa amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse.

Ena amati awa ndi matenda a azungu. N'zoona kuti amene anatulukira kuti vuto ndi tirigu anali dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, yemwe anaona ana odwala akupeza bwino buledi atasowa pa njala ya 1944 mpaka 1945. Koma mu 1999, ana achi Saharawi okhala m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria atayezedwa, oposa 5 pa 100 alionse anapezeka nawo. Amenewo ndi ana a mu Africa muno, amene ankadalira ufa wa tirigu.

Ena anganene kuti dziko limene ana 37 pa 100 alionse anali opinimbira mu kafukufuku wa 2015-16 lili ndi mavuto aakulu kuposa awa. Sindikutsutsa. Ana ambiri akupinimbira chifukwa cha umphawi, osati tirigu. Komatu mpamene pali ngozi: pakati pa ana ambiri oonda, wa celiac amangooneka ngati wanjala winanso. Ndipo ku Chinsapo, Biwi kapena Mgona masikono, mabisiketi ndi supageti zalowa kale m'mbale za ana.

Zimene ndikupempha si zodula kwambiri. Azaumoyo akusikelo aphunzitsidwe kufunsa za tirigu mwana akamabwerezabwereza kunyentchera popanda chifukwa chodziwika. Mwana wokayikiridwa atumizidwe ku Kamuzu Central Hospital, ndipo Unduna wa Zaumoyo uonetsetse kuti kuyeza magazi kotchedwa tTG-IgA kukuchitika kwaulere. Bungwe la Malawi Bureau of Standards likakamize opanga zakudya kulemba poonekera kuti muli tirigu, m'Chichewa chomwe.

Kwa makolo: musamusiyitse mwana tirigu musanamuyezetse, chifukwa zotsatira zikhoza kusonyeza kuti alibe matendawa pamene ali nawo. Akapezeka nawo, palibe jakisoni kapena mapiritsi. Mankhwala ndi kusiyiratu gluten moyo wake wonse. Mwayi wathu ndi woti nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, mapira, mawere, nyemba ndi usipa zilibe gluten. Chongofunika kusamala ndi zitumbuwa zokazingidwa m'mafuta amodzi ndi mandasi, kapena chigumu chothiridwa fulawa.

Mwana wa achemwali anga tsopano amapita kusukulu ndi mbatata yophika m'kabakuli. Anzake amamuseka kuti ndi wakumudzi, ndipo nthawi zina amalira. Ndinawapempha achemwali kuti akalankhule ndi aphunzitsi ake, afotokozere kalasi yonse chifukwa chake. Kusikelo wayamba kukwera.