Mlandu suwola: nanga wa boma uwolerenji?

Mundikhululukire kuti lero nditalikitsa, pakuti nkhani iyi yanditsamwa kwa nthawi yaitali.

Chiyambireni maphunziro anga a zaumbanda ndi zilango, pali funso limodzi limene limanditsata paliponse. Anayamba kulifunsa ndi malume anga, tili pakhonde madzulo ena. Iwo anati, "Tinasonkha ndalama kuti ukaphunzire kugwira mbava, iwe wabwerako ukulirira akaidi. Kodi oberedwa ndi ophedwa alibe owalira?" Tsiku limenelo ndinangoti chete, poti mwana sakangana ndi malume ake pamaso pa alendo. Koma funso lawo ndi la anthu ambiri, ena a iwo akuwerenga mawu ano, ndipo liyenera kuyankhidwa mokwanira. Yankho langa ndi lakuti malamulo athu ali ndi zibowo zimene munthu wosalakwa angagweremo mpaka kukafika kundende, ndipo akagweramo tilibe chingwe chodalirika chomuvuulira. Amene akukana zimenezi amaganiza kuti akuimira ofedwa, pamene amene akupindula ndi kukana kwakeko ndi wofufuza waulesi ndi chigawenga chimene sichinagwidwe.

Mwambi umene anthu amathamangira ndi wakuti utsi sufuka popanda moto. Ndikuvomera. Munthu akapezeka atafa kudambo, moto ulipo ndithu. Koma bwalo la milandu silikhala pansi kuti lifunse ngati moto unayaka. Limafunsa amene anauyatsa. Ndipo tonse amene tinakulira pafupi ndi mafuwa tikudziwa kuti utsi umapita kumene mphepo yaukankhira, ngakhale kwa munthu amene sanagwireko chikuni. Mu Januwale 2016, ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a kwawo komwe atawaganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera. Onse amene anatola miyala masiku amenewo anali otsimikiza mumtima mwawo kuti aona utsi. Wapolisi, mboni ndi woweruza ndi ana a midzi yomweyi. Yunifolomu ndi mkanjo wa kukhoti sizichotsa mwa munthu chizolowezi choyamba wakhulupirira kenako n'kumafuna umboni pambuyo.

Mphepo imeneyi ili ndi kumene imakonda kukankhira. Kumbukirani Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, amene apolisi anamugwira m'bandakucha mu 2015 akupita kumalonda ake ku Limbe, namuimba mlandu wa vakabu. Iye sanagonje, ndipo mu Januwale 2017 Bwalo Lalikulu linathetsa gawo 184(1)(c) la malamulo a zilango, ponena kuti likuphwanya ufulu wa anthu. Lamulo limenelo tinalandira kwa atsamunda, ndipo kwa zaka zambirimbiri linagwira oyenda pansi n'kusiya oyenda pagalimoto. Gwanda anapeza maloya omuimira. Anzake osawerengeka anangovomera mlandu, n'kulipira chindapusa kapena kukagwira ukaidi, chifukwa kuvomera kunali kotchipa kuposa kukana.

Apa ndafika pa chibowo chachikulu, chimene ndi kuvomera mlandu. Munthu wamba akamva kuti woganiziridwa wavomera yekha, amaona kuti nkhani yatha. Amafunsa kuti ndani angadzinamizire kupha munthu. Angadzinamizire ndi munthu amene wakhala masiku m'chitokosi osagona, wamenyedwa kuphazi, wauzidwa kuti akasaina apita kwawo, kapena waopsezedwa kuti mkazi wake amangidwanso. Angadzinamizirenso ndi munthu wosadziwa kuwerenga amene wadinda chala pa pepala lolembedwa ndi wina, osadziwa chimene lanena. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 amadziwa ngozi imeneyi. Gawo 19 limaletsa kuzunza munthu, ndipo gawo 42 limati womangidwa asakakamizidwe kuvomera mlandu, komanso aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Koma gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni limalola khoti kulandira chivomerezo ngakhale woimbidwa mlandu atanena kuti anachipereka mokakamizidwa. Woweruza amauzidwa kuti achilandire kaye, kenako aone ngati munthuyo anachinenadi ndiponso ngati zimene zili mmenemo ndi zoona.

Oikira kumbuyo gawoli amati woweruza ndi munthu wophunzira, adzasefa yekha. Ine ndikuti mawu akalowa m'khutu satulukanso. Komanso taganizirani phunziro limene gawoli limapereka kwa wofufuza amene alibe galimoto yopitira kumalo a ngozi, alibe zipangizo zoyezera magazi, ndipo akuluakulu ake akumufunsa tsiku ndi tsiku chifukwa chake sanagwire munthu. Lamulo likumuuza kuti chibonga chikhoza kubala umboni wolandirika. Makolo athu anali ndi mwavi, ndipo ankakhulupirira kuti thupi la munthu likapanikizidwa limanena zoona. Mwavi unaletsedwa ndi lamulo mu 1911. Chikhulupiriro chake chikadali moyo m'chitokosi chilichonse mmene munthu amamenyedwa kuti aulule, ndipo monga mwavi wakale, chimene chimayesedwa pamenepo ndi kulimba kwa thupi basi.

Wina anganene kuti wolakwiridwa achite apilo. Mawu amenewa ndi osavuta kunena uli pampando wa sofa. Apilo imayenda ndi fayilo ya mlandu, ndiye kuti zolemba za zonse zimene mboni zinanena ndi zimene woweruza anagamula. Tamvani zimene zinachitika kwathu kuno. Pa 27 Epulo 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, Bwalo Lalikulu linagamula kuti kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, osamva kaye zifukwa zochepetsera chilango, n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Zimenezi zinatanthauza kuti onse amene anaweruzidwa motero abwerere kukhoti. Ntchito yowamvanso inayamba mwadongosolo mu 2015, patapita zaka zisanu ndi zitatu. Itayamba, zinadziwika kuti mafayilo a ambiri mwa iwo anasowa, ena onse athunthu, ena mbali zake. Maloya ndi alangizi a zamalamulo anachita kuyenda m'midzi kufunsa mafumu ndi abale kuti amve chimene chinachitika zaka makumi awiri zapitazo. Akaidi opitirira 100 anatulutsidwa.

Ntchito imeneyo inali yabwino, ndipo onse amene anaigwira ayenera ulemu. Koma onani malire ake. Khoti linkaunika chilango chokha. Funso lakuti kodi munthuyu anaphadi silinali pa tebulo. Choncho aliyense mwa iwo amene anali wosalakwa anatuluka pachipata cha ndende ya Zomba dzina la wakupha likadali pamutu pake, wopanda chipepeso, wopanda ngakhale kalata yonena kuti boma linaphonya. Ndipo ngati mafayilo a anthu oyembekezera chingwe ankasowa chotero, tiganize bwanji za fayilo ya mnyamata amene anagamulidwa zaka zisanu ndi ziwiri pa mlandu wa ng'ombe kubwalo la majisitireti wa kuboma lakutali?

Abale athu a ku Joni asaganize kuti matendawa ndi a dziko losauka lokha. Thembekile Molaudzi anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse mu 2004 pa imfa ya wapolisi, umboni waukulu womumanga uli mawu amene woimbidwa mlandu mnzake ananena kunja kwa khoti. Anatha zaka akupempha zolemba za mlandu wake. Atakadandaula yekha, wopanda loya, kubwalo la Constitutional Court, dandaulo lake linakanidwa. Mu 2015 anzake awiri a mlandu womwewo, Mhlongo ndi Nkosi, anapambana pabwalo lomwelo, litagamula kuti mawu otere sangagwiritsidwe ntchito pomanga munthu wina. Molaudzi anatsala m'ndende chifukwa cha mfundo yakuti nkhani imene bwalo lagamula kale siibwerezedwa. Oweruza anachita chinthu chosowa: anatsegulanso nkhani yawo yomwe, navomereza kuti kuumirira mfundoyo pamenepa kukanabala chisalungamo choopsa, ndipo anamumasula chaka chomwecho atakhala m'ndende zaka zoposa khumi. Dziko lokhala ndi maloya ochuluka chotero linatsala pang'ono kumuiwala.

Ku Britain nakonso anaphunzira ndi misozi. Amuna asanu ndi mmodzi amene anamangidwa pa mabomba a ku Birmingham anagamulidwa mu 1975, zivomerezo zimene zinatengedwa ndi nkhonya zili pakati pa umboni, ndipo anamasulidwa mu 1991. Manyazi a mlandu umenewo anabala bungwe la Criminal Cases Review Commission, limene linayamba ntchito mu 1997. Ntchito yake ndi kulandira madandaulo a omangidwa amene njira za apilo zawathera, kufufuza palokha, ndi kubweza kukhoti milandu imene ikukayikitsa. Bungwelo lili ndi zofooka zake, ndipo ladzudzulidwa kolimba chifukwa chochedwa pa milandu ina. Komabe kukhalapo kwake ndi kuvomereza kwa boma kuti makhoti ake amaphonya, ndipo kuti kukonza cholakwacho ndi udindo wa boma lomwelo.

Ife timati mlandu suwola. Timanena mwambiwu poopseza wothawa, kuti ngakhale papite zaka makumi atatu adzayankha. Ndikufunsa chifukwa chake mwambiwu umagwira mbali imodzi. Boma likamanga munthu wosalakwa, lapalamula. Mlandu wakewo uwolerenji fayilo ikadyedwa ndi chiswe?

Zimene ndikupempha si zakumwamba. Gawo 176 lisinthidwe, kuti chivomerezo chisalandiridwe pokhapokha boma litatsimikizira khoti kuti chinaperekedwa mwaufulu. Kufunsa woganiziridwa pa milandu ikuluikulu kuzijambulidwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Foni imene wapolisi ali nayo m'thumba ikhoza kugwira ntchito imeneyi, ndipo chojambulacho chidzatetezanso wapolisi wachilungamo amene akunamiziridwa kuti anamenya munthu. Mawu a woganiziridwa azilembedwa m'chinenero chimene iye wayankhula, Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, ndipo amuwerengere pali munthu wina wosakhala wapolisi. Fayilo iliyonse ya mlandu waukulu izisungidwanso pa kompyuta, ndipo ikasowa chikayiko chizikomera womangidwa, pakuti wosunga fayilo si mkaidi. Bungwe la Legal Aid Bureau lipatsidwe ndalama zofanana ndi kukula kwa ntchito yake, ndipo alangizi a zamalamulo, amene akhala akulowa m'ndende zathu kuyambira m'chaka cha 2000, achuluke kufikira polisi iliyonse. Pamwamba pa zonsezi, pakhale bungwe loima palokha lounikanso milandu yokayikitsa, ndi lamulo lomveka bwino la chipepeso kwa amene wapezeka kuti anamangidwa popanda chifukwa.

Ndikudziwa yankho limene likubwera: ndalama zili kuti, pamene m'zipatala mulibe mankhwala? Koma mkaidi wosalakwa amadya ndalama za msonkho tsiku lililonse, m'ndende zimene Bwalo Lalikulu linanena kale mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti n'zodzaza mopitirira muyeso wa umunthu. Kumudzi kwake munda wagonera, ana asiya sukulu. Tikulipira kale mtengo wa zolakwa zathu, kungoti tikulipira mosaona.

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi siyenera kudikira. Mozambique inathetsa chilango cha imfa mu 1990, South Africa mu 1995, Zambia mu Disembala 2022, ndipo Zimbabwe mu Disembala 2024. Malawi sananyonge munthu chiyambire 1992, koma chilangocho chikadali m'mabuku. Mu Epulo 2021 bwalo la Supreme linamveka ngati lachithetsa pa mlandu wa Khoviwa, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho oweruza anafotokoza kuti sichinathe. Dziko limene limataya mafayilo, ndipo limalandira zivomerezo zokayikitsa, lilibe manja oyera okwanira kugwira chingwe. Amene akuganiza kuti izi zimagwera anthu wamba okha akumbukire Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko la Malawi, amene pamodzi ndi mkazi wake Vera anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi bwalo la mafumu limene silinawalole loya. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono kwa malume anga, ndi kwa nonse amene mumafunsa funso lawo, ndikuti ofedwa ndimawalira, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba. Tsiku limene khoti lamanga munthu wolakwika, apolisi amatseka fayilo ndipo palibenso amene amafunafuna wakupha weniweni. Iye amapita kumaliro, amadya nawo nsima ya pasiwa, amaona mnzake akukwera galimoto ya kundende. Mayi wofedwa amauzidwa kuti chilungamo chachitika, pamene wopha mwana wake akutunga madzi pa mjigo womwewo. Ngati mukufunadi kuti mbava ndi zigawenga zigwidwe, funsani phungu wa kwanu kuti gawo 176 lidzasinthidwa liti, ndipo musamusiye mpaka atakuyankhani.