Sozo salonjeza thanzi kapena chuma

Chiphunzitso china chafala m'maguwa, pa wailesi ndi m'mafoni. Akuti liwu la Chigiriki lakuti sozo limatanthauza kupulumuka, kuchira ndi kulemera zonse pamodzi, ndiye Mkhristu amene akudwalabe kapena akusaukabe chipulumutso chake n'choperewera. Ife tikukana.

Zoona zilipomo pang'ono, n'chifukwa chake anthu akukopeka. Sozo amapezeka koposa ka 100 m'Chipangano Chatsopano, ndipo pena amanenadi za kuchira: mayi wodwala nthenda yotaya magazi zaka 12 uja, pa Marko 5, anachira ndipo liwu lake ndi lomweli. Koma linali liwu wamba. Petro akumira m'nyanja anafuula nalo. Ophunzira atamva kuti Lazaro wagona tulo, ananena nalo kuti apeza bwino.

Pa Machitidwe 27, Paulo anachenjeza asilikali kuti amalinyero akathawa m'ngalawa, asilikaliwo sapulumuka, ndipo liwu lake ndi sozo lomweli. Anthu 276 anafikadi pamtunda ku Melita ali moyo, ena posambira, ena atagwira matabwa. Tirigu anali atamutaya m'madzi, ngalawa inasweka. Anapulumuka, koma anatuluka chimanjamanja. Nanga chuma chija chili pati? Palibe ndime imene sozo amatanthauza kulemera.

Cholakwika n'chakuti olalikirawa amatola matanthauzo onse a liwu n'kuwaunjika pa vesi limodzi. James Barr anatsutsa mchitidwewu mu 1961 m'buku lake la The Semantics of Biblical Language, koma ngakhale wosapita ku sukulu ya zaumulungu atha kuuona. Ife timamva mawu, timamva fungo, timamva ululu. Kodi mwana womvera makolo ndiye kuti amawanunkhiza? Tanthauzo limadziwika ndi chiganizo chimene liwulo lakhalamo.

Paulo akafuna kufotokoza chimene imfa ya Khristu inachita, pa Aroma 5 ndi 2 Akorinto 5, amagwiritsa ntchito katallage, kuyanjanitsa. Ndi liwu la pa milandu ya anthu odana, ndipo pa 1 Akorinto 7 akulinena za mkazi wobwererana ndi mwamuna wake. Chimene chikutha pa imfa ya Khristu ndi udani pakati pa munthu ndi Mulungu. Za thupi akuti tidikirebe chiwombolo chake, Aroma 8.

Chotidetsa nkhawa ndi wodwala shuga kapena womwa ma ARV amene akuuzidwa kuti botolo la mankhwala ndi umboni wa kusakhulupirira. Amene akumuuza zimenezo ayambe atifotokozera za Trofimo, yemwe Paulo anamusiya ku Mileto akudwala, ndi Epafrodito, yemwe anatsala pang'ono kufa ali pa ntchito ya Khristu. Timoteo naye ankavutika m'mimba pafupipafupi. Paulo, amene Chigiriki ankalalikira nacho tsiku ndi tsiku, sanamukayikire chipulumutso. Anamulangiza zoti azimwa.