ULALIKI WOPANDA GUWA: PHUNZIRO LA KU NJUYU

Chaka chilichonse mayeso akatha, anyamata ndi atsikana ambiri amamanga akatundu awo nkutsazika sukulu. Ena amaloŵa ntchito za m'maofesi, ena m'masitolo, ndipo ena amabwerera kumudzi kukagwira khasu. Ambiri mwa iwo ndi Akhristu, koma ndi ochepa okha amene adzaime pa guwa kulalikira. Kodi tsono otsalawo alibe gawo pa ntchito yokokera anthu kwa Mulungu? Ine ndikuti gawo lawo ndilo lalikulu, ndipo umboni wanga ndiutenga m'mbiri ya dziko lathu lino.

M'chaka cha 1876, Dr James Stewart wa pasukulu ya Lovedale ku South Africa adapempha ophunzira ake kuti ena adzipereke kukathandiza mishoni ya Livingstonia, imene idali itangokhazikitsidwa ku Cape Maclear chaka cha 1875. Adasankhidwa anayi, ndipo mmodzi mwa iwo adali William Koyi, wa mtundu wa Axhosa. Munthuyu adayamba sukulu atakula kale, atagwirapo ntchito yoyendetsa ngolo. Maphunziro ake adali ochepa, ndipo mwini wake sadabise zimenezi. Iye adadzipereka kuti akagwire ntchito iliyonse, ngakhale yotema nkhuni ndi kutunga madzi.

Masiku amenewo Angoni a Inkosi M'mbelwa adali oopedwa kumpoto konse. Atonga a m'mbali mwa nyanja ankagona khutu lili kunja chifukwa cha nkhondo zawo. Mishoni itasamukira ku Bandawe mu 1881, zidaonekeratu kuti ntchito singapite patsogolo popanda kumvana ndi Angoniwo. Popeza chiyankhulo cha Koyi chidali chapachibale ndi Chingoni, iye ndiye adapita kukakhala pakati pawo, pa Njuyu, mu 1882.

Apa mpamene pagona phunziro lathu. Mafumu a Angoni adakana sukulu. Iwo ankaopa kuti ana akaphunzira buku adzataya nthungo ndi chishango, ndipo mtundu udzafooka. Motero kwa zaka ngati zinayi Koyi adakhala wopanda sukulu yololedwa ndi wopanda munthu ndi mmodzi yemwe wobatizidwa. Mwa kuŵerenga kwa anthu, ntchito yake idali yolephera. Koma nthaŵi yonseyo Angoni ankamuyang'ana. Ankaona m'mene ankayankhira akanyozedwa, m'mene ankapirira pa milandu yaitali ya pabwalo, ndi m'mene ankaimira pakati pa iwo ndi amishoni achizungu mkangano ukabuka. Adamupatsa dzina loti Umteteleli, ndiye kuti mkhalapakati wopepesera ena. Dzina lotere munthu sadzipatsa yekha. Amapatsidwa ndi anthu amene amuyesa nthaŵi yaitali.

Mu 1886 mafumu adalola kuti sukulu zitsegulidwe. Uthengawo udampeza Koyi ali gone pa mphasa, ndipo adamwalira mwezi wa June chaka chomwecho. Angoni oyamba kubatizidwa, Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, ana a sing'anga, adabatizidwa mu 1890, patapita zaka zinayi iye ali m'manda. Wodzala mbewu sadadye nawo zokolola.

Wina anganditsutse kuti Koyi adathandizidwa ndi chiyankhulo chabe, ndi kuti Angoni adali ndi zolinga zawo, monga kufuna chuma cha amishoni ndi kuŵachotsa kwa Atonga. Zonsezi nzoona, ndipo sitiyenera kuzibisa. Koma chiyankhulo chimangotsegula khomo. Chokhazika mlendo m'nyumba ndi khalidwe lake. Munthu wabodza amene amadziŵa chiyankhulo chanu mumamugwira msanga kuposa amene sachidziŵa. Koyi akadakhala wa nkhope ziŵiri, Angoni akadamutulukira m'mwezi umodzi, poti ankamva liwu lililonse lotuluka pakamwa pake.

Winanso anganene kuti khalidwe lokha silokwanira, pakuti alipo anthu abwino amene sapemphera, ndipo munthu sangadziŵe za Khristu popanda womuuza. Apanso ndivomera. Koyi sadali wosayankhula; ankaphunzitsa Mawu a Mulungu paliponse pamene mpata udapezeka. Chimene ndikunena nchakuti mawu amayenda pa msewu umene khalidwe lalambula. Mawu okhaokha munthu angathe kuwakana, nati ndi maganizo ako amenewo. Koma akaona mnzake akubweza ndalama imene akadatha kuibisa popanda wodziŵa, amasoŵa chotsutsa, ndipo funso limabadwa mumtima mwake lakuti, kodi ameneyu amaopa yani? Funso limenelo ndilo chiyambi cha ulendo wopita kwa Mulungu.

Inu aphunzitsi, mwana amakhala pamaso panu maola ambiri pa sabata kuposa amene amakhala pamaso pa mbusa. Phunziro la Baibulo limatha belu likalira, koma phunziro la moyo wanu silikhala ndi belu. Ana amadziŵa mphunzitsi amene amachonga makope mwachilungamo, ndi amene amakondera mwana wa munthu wolemera. Amadziŵa amene amafika m'kalasi akununkha kachasu Lolemba m'maŵa, chonsecho dzulo lake adaimba m'kwaya. Mwana wotere akadzakula nkukana tchalitchi, tisadzafulumire kunena kuti wasokonezedwa ndi tauni. Kaŵirikaŵiri chomukhumudwitsa adachiona ali mu Sitandade 5. M'mera mpoyamba.

Inunso amene mwangotsiriza sukulu, mayeso enieni akuyamba tsopano, ndipo oyang'anira ake ndi anzanu a pantchito. Tsiku lidzafika pamene wina adzakupemphani kuti musinthe nambala imodzi m'buku la ndalama, kapena kuti mulembere mnzanu kuti wabwera pamene sadabwere. Mukakana, mwina adzakusekani, mwinanso mudzachedwa kukwezedwa. Sindikulonjezani kuti kukhulupirika kumalipira msanga. Kwa Koyi sikudatero. Koma tsiku limene mmodzi wa okusekaniwo adzagwe m'mavuto, nafuna munthu womuuza zakukhosi, adzagogoda pakhomo la amene adakana uja.

Chenjezo limodzi lisasoŵe. Munthu amene amachita zabwino kuti aonedwe sakoka aliyense, chifukwa anthu amanunkhiza chinyengo ali patali. Khalidwe lokoka ena ndi lija limene silisintha kaya pali woona kaya palibe. Ndiponso silitanthauza moyo wopanda cholakwa. Mphunzitsi amene walanga mwana molakwa, nabwera m'maŵa kudzapepesa pamaso pa kalasi lonse, walalikira ulaliki umene anawo sadzauiŵala kufikira imvi.

Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Lero kuli mipingo ndi masukulu m'dziko lonse la Mzimba, ndipo ku Mzuzu kuli nyumba ya alendo ya Sinodi ya Livingstonia yotchedwa dzina la William Koyi. Woyendetsa ngolo uja sadaone chilichonse cha izi. Iye adangokhulupirika pa Njuyu, tsiku ndi tsiku, pamaso pa anthu amene ankamuyang'ana. Nafenso tikuyang'anidwa, m'kalasi, m'sitolo ndi pachitsime.

M'chigawo chotsatira tidzaona moyo wa Mawelera Tembo ndi nyimbo zimene adapeka m'mayimbidwe a Chingoni.